Pempho kwa onse amene anaphunzira pasukulu pano: mwana wathu asaphonyenso tsiku la mankhwala

Abale ndi alongo athu, makamaka inu amene munadutsa pasukulu pano ndipo lero muli m'matauni ndi kunja kwa dziko,

Ife a komiti ya sukulu sitinazolowere kupempha. Mphepo itasasula denga la makalasi akale aja tinalikhoma tokha, ambiri a inu osamva n'komwe. Lero tagwada chifukwa nkhaniyi ikukhudza moyo wa mwana.

Ndi mtsikana wa zaka zisanu, wa m'kalasi ya ana aang'ono ija ili kuseri kwa ofesi ya ahedi. Dzina sitilemba pano polemekeza banja lake, koma agogo ake aamuna mukuwadziwa. Ndi aja anali mlonda pasukulu pano zaka zambiri, amene ankakulowetsani mwakachetechete mukachedwa belu litalira kale.

Mayi ake akumusambitsa tsiku lina anamva chinthu cholimba mbali imodzi ya mimba. Mwanayo sankadandaula, ankasewera bwinobwino. Ena anati ndi njoka za m'mimba, ena anati ndi kapamba wotupa ndi malungo, mpaka miyezi iwiri inatha mimba ikungokula. Atafika kuchipatala chachikulu, sikani inaonetsa chotupa pa impso. Madokotala anati ndi khansa yotchedwa Wilms, imene kawirikawiri imagwira ana azaka zisanu kutsika m'munsi. Mayiyo atamva mawu oti khansa anangokhala pansi pakhonde la wodi, miyendo itazizira.

Chimene tikufuna mumvetse n'chakuti khansa iyi imachizika. M'mayiko olemera ana pafupifupi 9 mwa 10 alionse amene apezeka nayo amachira. Mwana wathuyu anayamba walandira mankhwala amphamvu opha khansa otchedwa kemo kwa masabata angapo kuti chotupa chiphwe, kenako anamuchita opaleshoni n'kuchotsa impso yodwalayo. Yotsalayo ikugwira bwino ntchito, ndipo munthu atha kukhala moyo wake wonse ndi impso imodzi. Kwatsala miyezi ingapo ya kemo wopha tizidutswa ta khansa tosaoneka ndi maso, ndipo mankhwalawa ali ndi masiku ake amene sayenera kudumphidwa.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 amadwala khansa. M'mayiko olemera oposa 80 pa 100 alionse amachira, pomwe m'mayiko ambiri osauka ochira safika 30 pa 100. Mwa zifukwa zikuluzikulu pali kufika mochedwa kuchipatala ndi kusiyira mankhwala panjira. Mu 2018 bungweli linadziikira cholinga choti pofika 2030 ana 60 pa 100 alionse odwala khansa azipulumuka. Kuchedwa kuja tinachedwa kale ndipo sitingakubweze. Kusiyira panjira ndiko tikulimbana nako tsopano, ndipo kwatsala pang'ono kutigonjetsa.

Mwezi wathawu mwana anaphonya tsiku lake. Munthu wina waudindo anaimirira pamsonkhano wa makolo n'kulonjeza kuti galimoto yake izimutenga mwanayo ulendo uliwonse. Tinaomba m'manja. Tsikulo litafika mayi anadzuka kusanache, anamuveka mwana kachipewa kake, n'kukaima pamsewu ndi khadi la kuchipatala atalikulunga mu pepala la pulasitiki kuti lisanyowe. Anadikira mpaka dzuwa linafika paliwombo. Foni ya munthu uja inali yotseka, ndipo mpaka lero sitinamve kanthu. Panatenga masiku asanu ndi anayi kuti tisonkhe ya thiransipoti. Anamwino anawakalipira mayiwo, ndipo sitingawadzudzule, poti iwo amadziwa kuti khansa ikapatsidwa mpata imabwerera ndi mphamvu. Ife a komiti manyazi anatigwira, chifukwa tinadalira pakamwa pa munthu m'modzi osakonza njira ina.

Mukanamuona mwanayu. Tsitsi linathothoka lonse, ndipo masiku oyamba ankalitola pamkeka n'kumaonetsa mayi ake. M'kamwa mumatuluka zilonda, kumeza n'kovuta, akalandira mankhwala amasanza masiku awiri. Timanja take tadzaza zipsera za kanyula. Komabe aphunzitsi ake atapita kukamuona anawafunsa ngati anzake afika kale pa nambala 20, n'kuyamba kuwerenga yekha kuti awaonetse kuti sanaiwale.

Kemo amatsitsa chitetezo cha m'thupi, choncho kutentha thupi kumene mwana wina angagone nako n'kudzuka bwino, kwa iyeyu n'koopsa. Madokotala anauza banjali kuti kukangofika madigiri 38 athamangire kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Panyumbapo palibe kachipangizo koyezera kutentha. Amangomugwira pachipumi.

Matendawa agwetsa khomo lonse. Mayi amagona pansi m'wodi ngati gadiyani, khanda lili kumsana. Bambo anagulitsa njinga, kenako ziweto zonse. Mchimwene wake wamkulu, mnyamata wanzeru amene akuyenera kulemba mayeso chaka chino, wajomba masabata ambiri akulera azing'ono ake. Dzina lake sitinalifufute m'kaundula, tikumudikira.

Musaganize kuti kumudzi kuno tangopinda manja. Aphunzitsi akhala akusonkha mwezi ndi mwezi pa kamalipiro kawo. Makolo analima munda wa banjali mpaka kupalira. Amayi amasinthana kugona ndi ana otsala pakhomo. Magazi a mwana atachepa, anyamata a timu ya mpira anapita okha kukapereka magazi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo anthu kuno achitadi zimenezo. Koma matumba amene takhala tikupisamo ndi omwewo, ndipo auma.

Tikupempha thandizo la thiransipoti ya maulendo onse otsalawa, ndi kena kake kosungira ulendo wadzidzidzi wa usiku. Pakufunikanso chakudya chopatsa mphamvu, chifukwa mwana wowonda kemo amamufooketsa kwambiri. Amene muli ndi galimoto, tipatseni tsiku limodzi lokha, koma likhale tsiku limene mudzabweradi. Amene mumakhala pafupi ndi chipatala chachikulu, kalowekoni m'wodi muwaone mayiwo, kapena agoneko kwanu akachedwa kutuluka. Zonse zidzere kwa apampando kapena asungichuma a komiti, amene nonse mukuwadziwa.

Tikudziwa kuti kumene muliko moyo ndi wovutanso. Tikudziwanso kuti uthenga wa maliro ukakupezani mumanyamuka usiku womwewo, magalimoto n'kudzaza bwalo la sukulu. Ifetu tikukuitanani mwanayu akadali moyo, akuwerenga manambala ake. Ena a inu tinakutumizirani uthenga pa WhatsApp mwezi watha, munawerenga koma simunayankhe. Sitikusunga mangawa, mwina munatanganidwa.

Tsiku lotsatira pa khadi lija ndi Lachiwiri la sabata ya mawa, ndipo pamene tikulemba pano ya ulendowo sinakwane.

Ife anu,
A komiti ya sukulu