Ana athu nawonso akufuna kulowa m'bwalo ndi m'madzi

Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo. Ndine mayi wa mnyamata wazaka 14 amene anabadwa ndi Down syndrome, vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa kakulidwe ka thupi ndi nzeru, ndipo timakhala kufupi ndi nyanja m'boma la Salima.

Chaka chatha pa tsiku la masewera kusukulu ina kwathu kuno, ndinapita kukaonera. Ana ankathamanga, ena akumenya mpira, makolo akululutira. Mwana wanga ndinamupeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, atazunguliridwa ndi mulu wa nsapato ndi malaya a anzake. Anamuuza kuti iye ntchito yake ndi ulonda. Anali atavala kabudula wamasewera amene ndinamugulira pa kaunjika dzana lake, ndipo nthawi iliyonse wezulo ikalira ankadzuka, n'kukhalanso pansi. Nditafunsa aphunzitsi anandiyankha mwaulemu ndithu kuti amaopa kuti angavulale. Ndinabwerera kunyumba misozi ili m'maso.

Mantha amenewo ndimawadziwa chifukwa inenso ndinali nawo. Kwa zaka zambiri sindinkamulola kuyandikira kugombe. Anzake akamapita kokasamba, ine ndinkatseka chitseko. Onjezeraninso pakamwa pa anthu: ena amati ndi wozerezeka, ena amanong'onezana kuti bambo ake anamuika m'chizimba kuti bizinesi iyende. Mawu oterewa amapangitsa kholo kubisa mwana kuchipinda, ndipo mwana wobisidwa amanenepa mosayenera, amafooka, amaiwala ngakhale mawu ochepa amene ankawadziwa.

Amene ananditsegula maso ndi achimwene anga, omwe ndi asodzi. Tsiku lina anandiuza kuti, "Achemwali, mwana wa kunyanja wosadziwa kusambira ndiye amene nyanja imatenga. Tsiku lina chitsekocho mudzaiwala kutseka." Anabwereka jekete yoyandamitsa munthu, n'kuyamba naye m'madzi olekeza m'maondo, m'mamawa nyanja ikadali bata. Sabata yonse yoyamba sanachite china koma kuviika nkhope m'madzi ndi kupemerera thovu, amalume ake atamugwira pachifuwa. Zinatenga miyezi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero amasambira kuchoka pabwato lina kufika pa lina, ndipo amagwira nkhafi bwato likamayenda cham'mbali mwa gombe. Akabwera kumeneko amadya bwino, amagona bwino, ndipo amafotokoza zimene waona mpaka tonse kutopa.

Taonani zimene zimachitika ku Livingstone m'dziko la Zambia. Kumunsi kwa mathithi a Victoria Falls, m'chigwa cha Batoka, alendo amakwera mabwato a mphira n'kutsika mtsinje wa Zambezi pamalo amene madzi amawinduka koopsa. Ambiri mwa iwo sanagwirepo nkhafi chibadwire. Chimawateteza ndi dongosolo: aliyense amavala jekete ndi chisoti, asananyamuke amaphunzitsidwa chochita akagwera m'madzi, wotsogolera amakhala m'bwato momwemo akuwauza popalasa ndi pogwiritsitsa chingwe, ndipo pafupi pamayenda timabwato ta anthu opulumutsa. Sindikunena kuti ana athu tikawaponye ku Batoka, ayi, madzi amenewo ndi aukali zedi. Koma ku California kuli bungwe la Environmental Traveling Companions limene limatenga anthu aulumali wosiyanasiyana paulendo wotere pa mtsinje wa American River, pogwiritsa ntchito nzeru yomweyo ya wotsogolera, zida zoyenera ndi madzi ofanana ndi mphamvu za okwerawo. Ife tili ndi magombe osaya ku Senga Bay, ku Nkhotakota, ku Mangochi ndi ku Chintheche, ndipo odziwa madzi ali m'mudzi uliwonse.

Ndichenjezeko makolo anzanga: ana ambiri aulumali wa ubongo amadwalanso khunyu. Wotere asalowe m'madzi popanda munthu wamkulu wodziwa kusambira amene akuyang'ana iye yekha basi, ndipo muyambe mwafunsa kuchipatala. Ana ena a Down syndrome amakhala ndi mafupa a khosi olobodoka, choncho kudumphira m'madzi chamutu kapena kupidiguka kumafuna kuti dokotala aone kaye. Kumene kuli ng'ona ndi mvuu, monga mbali zambiri za Shire, n'kosayesa n'komwe.

Masewera a anthu onga mwana wanga si nkhani yachilendo. Mayi wina wa ku America, Eunice Kennedy Shriver, amene m'bale wake Rosemary anali ndi ulumali wa ubongo, anayamba mu 1962 kuitana ana kuti azidzasewera ndi kusambira pakhomo pake ku Maryland. Kuchokera pamenepo kunabadwa Special Olympics, bungwe la masewera a anthu aulumali wa ubongo, ndipo mpikisano woyamba unachitikira ku Chicago mu July 1968 ndi osewera pafupifupi 1,000. Mu June 2023 anthu zikwizikwi anakapikisana ku Berlin. Kusambira ndi kupalasa bwato zili m'gulu la masewera ake. Chimene chimandisangalatsa ndi momwe amagawira osewera. Amayamba awayesa kaye, kenako n'kuika pamodzi amene mphamvu zawo zikufanana, osachepera atatu komanso osapitirira asanu ndi atatu pagulu. Motero mwana wothamanga pang'onopang'ono amakhala ndi mwayi weniweni wopambana, ndipo aliyense amalandira kanthu, kaya mendulo kaya riboni. Alinso ndi matimu osakaniza otchedwa Unified Sports, momwe aulumali ndi opanda ulumali amasewera mbali imodzi. Zimenezi mphunzitsi aliyense wa masewera angazichite mawa lomwe pabwalo lafumbi, popanda kudikira thandizo lakunja.

Kuno kwathu Special Olympics iliko, ndipo ndikuthokoza anthu odzipereka amene akuiyendetsa. Mu February 2014 mumzinda wa Lilongwe munachitikira msonkhano wa atsogoleri a mu Africa pa nkhani za ulumali, umene mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, mayi Joyce Banda, anakonza mogwirizana ndi bungweli. Dziko lathu linavomerezanso mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe gawo lake la 30 limanena za masewera ndi zosangalatsa. Mawu alipo okwanira. Chimene ine kholo lakumudzi ndikusowa ndi tsiku lodziwika, Lachitatu lililonse masana kapena Loweruka m'mawa, loti nditengere mwana wanga kubwalo n'kupeza munthu womuphunzitsa. Kuvina ndi kuguba pa 3 December pokha, tsiku lokumbukira anthu aulumali, kamodzi pachaka, sikulimbitsa miyendo ya mwana.

Pempho langa likupita kwa maofisala a zamasewera m'makhonsolo, ku Malawi National Council of Sports, kwa aphunzitsi amene anachita maphunziro a ana aulumali ku Montfort ku Nguludi, komanso ku mabungwe monga FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ndi PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali. Khalani pansi ndi mafumu ndi makomiti a m'magombe, musankhe asodzi ndi achinyamata odalirika, aphunzitsidwe chithandizo choyamba ndi kasamalidwe ka ana otere. Eni malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ali ndi majekete ndi timabwato timene timangokhala pamchenga masiku ambiri a m'kati mwa sabata. Abwereketseko kwa maola awiri. M'mudzi mwathu mokha ndikudziwa makomo anayi amene muli ana otsekeredwa, ndipo amayi awo andiuza kuti tsikulo likadzakhazikitsidwa adzabwera nawo. Achimwene anga ati m'mawa uliwonse umene kulibe mwera, bwato lawo lilipo.

Ine wanu,
Kholo la ku Salima