Potsazikana ndi a Fomu 4, tizitchulanso anzathu amene adatsalira m'njira

Akonzi,

Ndipatseniko mpata nditulutse zimene zandikhala pamtima chichitikireni mwambo wotsazikana nafe kusukulu kwathu. Ndine mtsikana, ndalemba mayeso a MSCE mu Julaye chaka chino cha 2024 pasukulu ina yoyendera ya CDSS m'boma la Phalombe, ndipo pano ndili pakhomo kudikira zotsatira.

Mwambowo udali wokoma, sindinganame. Tidavala magauni obwereka, tidadya mpunga wa nkhuku, ndipo amayi anga adavina mpaka kuvula chitenje n'kundiyalira kuti ndipondepo. Ndisanalowe m'nkhani ndithokoze aphunzitsi athu, amene ena mwa iwo amatiphunzitsa ngakhale Loweruka osapemphapo kanthu.

Ine ndidali m'kagulu kamene kadapatsidwa ntchito yolemba mawu oyankhula m'malo mwa kalasi yonse. Pofuna kukumbukira bwino kumene tidachokera, tidapempha aphunzitsi a kalasi yathu kuti atibwereke kaundula wa Fomu 1. Tidakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuitana maina monga amachitira m'mawa uliwonse. Poyamba tinkaseka, kukumbutsana za amene ankagona nthawi ya masamu ndi amene adalira tsiku loyamba. Titafika pakati pa tsamba kuseka kudatha. Dzina lililonse lachiwiri kapena lachitatu lidali la munthu amene sadzavala nafe gauni. Ena tidachita kufunsana kuti kodi ameneyu ndi uti uja, ndipo zimenezi ndi zimene zidandipweteka kwambiri, kuti munthu tidakhala naye m'chipinda chimodzi chaka chathunthu koma nkhope yake yatithawa.

Tidaganiza zoti pamwambopo tiwerenge mainawo. Akuluakulu ena adatiletsa mwachikondi ndithu, amati tsikulo ndi lachisangalalo, tisalidetse. Tidamvera. Koma mtima wanga sudavomere, n'chifukwa chake ndalemba kalatayi.

Kalasi yathu idayamba kuthothoka tisanafike n'komwe kusekondale. Tidali mu Sitandade 8 pamene sukulu zonse zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo ife olemba mayeso tidabwerera mu Seputembala. Kafukufuku wa boma adapeza kuti m'miyezi imeneyo atsikana oposa 13,000 adatenga mimba ndipo maukwati a ana adaposa 40,000. Ziwerengerozi kwa ena ndi za m'malipoti chabe, koma ife timawadziwa eni ake, tinkatunga nawo madzi pamjigo umodzi. Fomu 1 tidaiyamba mu 2021 mwachidukwadukwa: matenda adabukanso kumayambiriro kwa chaka, kenako aphunzitsi m'dziko lonse adanyanyala ntchito pofuna ndalama ya chiopsezo. Mu 2022 kudabwera namondwe wotchedwa Ana, ndipo chaka chomwecho tidalemba JCE, mayeso amene adali atangobwezeretsedwa kumene mu 2021. Amene adalephera, ochepa okha ndiwo adabwereza. Enawo adangozimirira.

Koma chimene chidatithyola msana ndi namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, tili Fomu 3. Amene sadakhaleko kuno amadziwa za Chilobwe ndi phiri la Soche ku Blantyre, poti ndiko kudafika makamera msanga. Kuno madzi adatsika m'mapiri ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba, usiku, ndi mkokomo umene mpaka lero mvula ikamagunda pamalata ena mwa ife tulo sitibwera. Madera ngati Nkhulambe adadukiratu, osafikika ndi galimoto. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adatisiya ndipo oposa theka la miliyoni adasowa pokhala. Makalasi m'sukulu zambiri adasanduka misasa. M'chipinda chimene tinkaphunziramo sayansi ya zamoyo munkagona amayi ndi makanda, madesiki ataunjikidwa pakona, panja pakufuka utsi wa mafuwa.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu obwera ndi thandizo sadachiganizire, ndipo sindikuwadzudzula, poti pamaso pawo padali njala ndi maliro. Adabweretsa ufa, mabulangete ndi ndowa. Koma mwana wa pa CDSS chuma chake ndi makope. Buku limodzi timagawana anthu ambirimbiri, ndipo laibulale yathu ndi kabati imodzi ya mu ofesi. Zonse zimene udaphunzira kuyambira Fomu 1 zili m'manotsi amene udakopera pabolodi ndi dzanja lako. Madzi akatenga makope amenewo, atenga zaka zitatu za sukulu. Sukulu zitatsegulidwa patapita milungu ingapo, anzathu ena adabwera chimanjamanja, opanda yunifolomu, opanda ngakhale cholembera. Tidagawana ntchito: wina kukopera mnzake manotsi a Agriculture, wina a Geography, wina a Chichewa, usiku ndi tochi ya mabatire. Mwa zonse zimene tidachita zaka zinayi, chimenechi ndi chimene ndimanyadira kuposa china chilichonse, ndipo pamwambo paja palibe adachitchula.

Mnzanga amene ndinkakhala naye desiki imodzi sadabwerere. Masamu ankandiposa kutali, ndipo ndi iye adandiphunzitsa kugwiritsa ntchito kampasi ndi pulotalakita popanda mantha. Nyumba yawo idapita ndi madzi pamodzi ndi munda, womwe udakwiririka ndi mchenga. Banja lonse lidasamukira kwa achibale kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Pamene ankabwerako teremu idali itatha, ndipo pakhomo pawo nkhani idali ya chakudya basi. Chaka chisanathe tidamva kuti walowa m'banja. Adali asanakwane zaka 18, pamene malamulo a dziko lino amaletsa ukwati wa munthu wosafika msinkhu umenewu. Ife tidamva, aphunzitsi adamva, kumudzi adadziwa, koma aliyense adaona ngati woyenera kuyankhula ndi wina. Dzina lake lidangosiya kuitanidwa m'mawa.

Tsopano ndifike pamene pamandichititsa manyazi, chifukwa pamenepa ndili nawo mlandu. Tidalowa Fomu 4 mu Seputembala 2023. Mu Novembala kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo kope, sopo, shuga ndi lendi ya timanyumba ta anzathu odziphikira okha pafupi ndi sukulu zonse zidakwera. Nthawi yomweyo n'kuti tikufunika kulipira ndalama ya mayeso ku MANEB. Mvula nayo idadula, mpaka mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. M'kalasi mwathu mudali mnyamata wina wofatsa amene adapirira zonse ndafotokozazi, kuyenda mtunda wautali tsiku ndi tsiku, nthawi zina m'mimba muli pululu. Tsiku lomaliza kulipira lidadutsa iye asanapeze ndalama. Adabwerabe m'kalasi milungu ingapo, kenako adapita kunyanja ya Chilwa kukakoka makoka a eni ake. Patangopita miyezi yochepa, ife tomwe tidasonkha ndalama za gauni, keke, zoimbira ndi wojambula zithunzi. Nditawerengera bwinobwino, kachigawo kochepa chabe ka zimene tidasonkhazo kakadamulembetsa mayeso. Sitidaganizeko. Iye sadapemphe, poti umphawi umamanga pakamwa, ndipo ife sitidafunse.

Sindikunena kuti miyambo yotsazikana ithe. Mwana amene wayenda wapansi zaka zinayi, kuwoloka mitsinje yodzaza, ayenera kuvinidwa, ndipo kwa makolo ambiri kuno limenelo ndi tsiku lokhalo limene adzaone mwana wawo atavala gauni. Pempho langa kwa aphunzitsi aakulu ndi makomiti a makolo ndi lakuti kaundula wa Fomu 1 azibwera nawo pamwambo. Amene adatisiya atchulidwe maina ndipo tiziima kamphindi. Amene ali moyo koma adalekezera panjira, ngati kuwatchula pagulu kungawachititse manyazi, anenedwe chiwerengero chawo pamaso pa mafumu, makolo ndi mlendo wolemekezeka, kuti onse amve kuti tidayamba angati ndipo tatsala angati. Mlendo akamva zimenezi mwina mawu ake sadzathera pa kutiuza kuti ndife atsogoleri a mawa. Ndipo kwa a Fomu 3 amene mukulowa m'malo mwathu, musanayambe kukambirana za mtundu wa gauni, yambani mwafunsana ngati aliyense walipira mayeso.

Chinanso, dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene adabereka kubwerera kusukulu, ndipo idayamba kalekale mu 1993. Pazaka zinayi zonse ndidaimva ikufotokozedwa pa asembule kamodzi kokha. Atsikana ambiri amaganiza kuti ukangochoka, chitseko chatsekeka. Ena amadziwa, koma amaopa kusekedwa ndi ife anzawo, ndipo kunena zoona timasekadi. Amayi a m'magulu oyang'anira atsikana amagwira ntchito yotamandika kupulayimale, kutsatira mwana mpaka pakhomo akajomba masiku angapo. Kusekondale kwathu khama lotere sindidalione. Mwana akasowa mwezi umodzi, pamzere wa dzina lake pamangolembedwa kuti adasiya.

Kwa inu atolankhani ndili ndi pempho lapadera. Zotsatira zikatuluka mudzalemba za amene apeza mapointi 6 kapena 7, sukulu khumi zimene zakhoza bwino, ndi maperesenti a amene apambana. Zimenezo n'zofunika ndipo ifenso timaziwerenga. Koma maperesentiwo amawerengera okhawo amene adakhala pansi n'kulemba. Mnzanga wa desiki uja ndi mnyamata wa ku Chilwa sali mwa okhoza, salinso mwa olephera. Sukulu ikhoza kuoneka kuti yachita bwino pamene theka la ana ake lidatayika mayeso asanafike. Chaka chino mukawafunse a unduna wa zamaphunziro ndi maofesi a m'maboma kuti ana amene adasankhidwa kupita Fomu 1 mu 2021 adali angati, ndipo mwa iwo amene alemba MSCE ndi angati, makamaka m'maboma a Phalombe, Mulanje, Chiradzulu, Nsanje ndi Chikwawa kumene Freddy adasakaza kwambiri. Mukawafunsenso ngati pali dongosolo lowatsatira anawa, ndi loti mwana wosowa ndalama ya mayeso adziwike nthawi yolipira isanathe. Mabasale alipo, a boma ndi a mabungwe, koma amene amawapeza nthawi zambiri ndi amene ali ndi womuyankhulira.

Titamaliza pepala lotsiriza, anzanga ena adang'amba makope awo ndi chimwemwe, ena adawagulitsa kwa ogulitsa mandasi ndi matemba kuti azikulungira. Ine anga a Fomu 3 ndi Fomu 4 ndawamanga bwino m'jumbo. Ndamva kuti mnzanga uja adabwerera kwa makolo ake ndi mwana kumsana. Ine ndi atsikana ena awiri tapangana kuti Loweruka likudzali tibwereke njinga tikamuone, timutengere makopewo, ndipo aphunzitsi athu a masamu avomera kutiperekeza kuti akayankhule ndi makolo ake za malo a Fomu 3 sukulu zikamatsegulira mu Seputembala.

Ndine wanu,
Wophunzira wa Fomu 4 wa chaka cha 2024,
Phalombe.