Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: owonda onse si anjala

Olemekezeka a Nduna,

Ulemu wonse kwa inu. Tisachedwe ndi malonje.

Pali matenda otchedwa lipodystrophy, omwe amamaliza mafuta a pansi pa khungu. Mtundu wa Berardinelli-Seip umaoneka mwana akadali wakhanda. Wa Dunnigan umayamba munthu akamatha msinkhu: mafuta amachoka m'mikono, m'miyendo ndi m'matako, n'kukaunjikana kumaso ndi m'khosi. Ndi matenda osowa, sitikukana. Koma taganizirani wodwala wotere akafika kuchipatala. Thupi louma, mitsempha ili pamtunda, minofu yotuluka ngati wonyamula zitsulo, ndipo akudandaula njala yosatha. Mzere wafika pakhonde, wachipatala watopa. Chapafupi n'kumuzenga tepi pamkono n'kumulembera chiponde.

Chifundo chimenechi chingathe kupha. Paketi imodzi ya chiponde, magalamu 92, ili ndi makalori 500, ndipo pafupifupi theka la makaloriwo ndi mafuta. Thupi la munthu uyu lilibe nkhokwe yosungiramo mafuta. Amangoyendayenda m'magazi, ena n'kukadzaza chiwindi ndi minofu. Tengani magazi ake m'kabotolo, muwasiye kanthawi: pamwamba pamayandama zoyera ngati mkaka. Mafuta a m'magaziwa, otchedwa ma triglyceride, akadutsa 11 mmol/L, kapamba, chiwalo chopanga insulin chija, amatha kutupa. M'mimba mumapweteka mpaka kumsana, munthu amasanza osalekeza, ena amatsikira kulichete. Njala ija si ya kusowa nsima ayi. Mafuta a m'thupi ndiwo amapanga leptin, mthenga wouza ubongo kuti takhuta, ndiye popanda mafuta mthengayo safika.

Zina tingotchula. Shuga wosamva mankhwala, mpaka ena kufuna insulin yoposa mayunitsi 200 patsiku. Khungu lakuda, lokhuthala m'khosi ndi m'khwapa, lomwe achibale amati ndi litsiro. Msambo wosokonekera. Mapiritsi olerera okhala ndi oestrogen, omwe amakweza ma triglyceride. Chiwindi chomwe chimauma pang'onopang'ono.

Musati nkhaniyi ndi ya kunja. Ma ARV aulere atayamba mu 2004, ambiri ankamwa Triomune, momwe munali stavudine. Mankhwalawa anapulumutsa miyoyo yambiri, tikuthokoza. Koma analowetsanso masaya ndi kuondetsa miyendo ya ena, ndipo ngakhale tinasintha n'kupita ku tenofovir, mafuta akumaso sabwerera msanga, kwa ena sabwereranso. Anthuwa alipo. Viral load timawayeza, nanga shuga ndi mafuta a m'magazi akuwayeza ndani?

Mu Ogasiti 2022 ku Lomé, nduna za zaumoyo za mu Africa zinagwirizana za PEN-Plus, kuti matenda aakulu osapatsirana azithandizidwa pachipatala cha boma lililonse, osati ku Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central kokha. Ku Neno anaonetsa kale kuti n'zotheka. Ndiye tikudikira chiyani, bwana?

Sitikupempha metreleptin, jakisoni wolowa m'malo mwa leptin yemwe America inavomereza mu 2014; mtengo wake tonse tingakomoke. Tikupempha zomwe mungathe chaka chino. Lembani m'malangizo a chipatala kuti wowonda wa minofu yotuluka, njala yambiri ndi khosi lakuda ayezedwe shuga, ma triglyceride ndi chiwindi asanapatsidwe chiponde. Ma labu a m'maboma akhale ndi mankhwala oyezera, makina asamangokhala chovundikira. CMST, bungwe logulira zipatala za boma mankhwala, igule fenofibrate wotsitsa mafuta a m'magazi pambali pa metformin wa shuga, komanso singano zazifupi za mamilimita 4, chifukwa pathupi lopanda mafuta singano yaitali imalowa mumnofu, insulin n'kugwira ntchito mothamanga, shuga n'kutsika mwadzidzidzi. Anamwino aphunzitsidwe chowauza odwala: achepetse mafuta ophikira, zokazinga ndi nsinjiro, mowa ausiyiretu. Ndipo onse omwe anamwapo stavudine ayezedwe kamodzi pachaka, kukiliniki komwe amatengera mankhwala awo.

Tikuyembekeza kuona kalata ya malangizowa itafika kwa ma DHO, akulu a zaumoyo m'maboma.

Ndife,
Ena mwa ogwira ntchito zachipatala