Chilengezo kwa Mamembala a Gulu la Malipenga ku Ulongwe

Abale ndi alongo, tikukudziwitsani kuti Loweruka likubwerali masana tidzayamba kuphunzira nyimbo yatsopano yopanda mawu, imene aphunzitsi athu apeka potengera ulendo wa mtsinje wa Zambezi. Gawo loyamba, limene zitoliro zimatsogolera mwapansipansi, likuonetsa bata la nyanja ya Cahora Bassa m'mamawa, koma lachiwiri ndi lovuta ndiponso lokoma kwambiri, chifukwa malipenga, matuba ndi ng'oma zimalowa motsatizana ngati madzi akamatuluka mwamphamvu pa damu la ku Songo. Pamenepa oliza malipenga ayenera kupuma mogwirizana, choncho tidzakhalitsapo ndithu. Chonde aliyense abwere ndi chida chake chopukuta bwino komanso pensulo yolembera zizindikiro pamapepala a nyimbo. Ochokera ku Tsangano anene msanga ngati akufuna malo ogona.