Kalata kwa Thoko: Za Khoma la Eni Ake

Wokondedwa Thoko,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi ana kumeneko ku Leeds, ku Mangalande. Kuno tili bwino, kungoti mvula yabwera ndi mphamvu, msewu wathu wa ku Area 25 ndi matope okhaokha.

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndinaumvetsera, uja unkadandaula kuti a landilodi akukukaniza kupenta chipinda cha ana, komanso kuti ngakhale msomali wopachikira chithunzi cha amayi uyenera kuyamba wapempha. Zimawawa ndithu kulipira ndalama zonsezo mwezi ndi mwezi, khoma lomwe umaliona podzuka osaloledwa kulikhudza. Koma usatisirire ife a kuno, mnzanga.

Kumeneko malire ake ndi olembedwa. Lamulo la 2019 linaletsa kuti dipoziti ya nyumba ngati yakoyo ipitirire lendi ya masabata 5, ndipo mwini nyumba sangaisunge mwachisawawa: ayenera kuilembetsa ku bungwe lovomerezedwa ndi boma pasanathe masiku 30. Kufwifwa kwa penti kapena kuperepeseka kwa kapeti chifukwa choyendapo anthu sangakudulire. Chimene angakudulire ndi khoma lomwe wasintha osauza munthu, kapena mabowo amene wasiya osatseka. Ndiye pempha chilolezo pa imelo, osati pakamwa, ulonjeze kuti potuluka udzabwezera mtundu wa penti umene unaupeza. Zithunzi zimene unajambula tsiku lolowa uzisunge bwino.

Kuno ufulu wokonza nyumba ya lendi tili nawo wochuluka, ndipo ndi umene umatisaukitsa. A landilodi ambiri sakaniza. Ukati ndikufuna kupenta, amangoti pentani mayi, nyumba ndi yanu imeneyi. Mawu amenewo ndi okoma, koma amatha tsiku lomwe pentiyo yauma.

Pali mayi wina woyandikana nane, mphunzitsi wa pulayimale. Analowa m'nyumba ya laimu, ija ukatsamira khoma bulauzi imayera kumsana. Pansi panali simenti yong'aluka, nyerere zikutulukira m'ming'alumo, kudenga malata oonekera. Anapirira nazo mpaka anatenga ngongole ku banki mkhonde. Anaika matayilosi pabalaza ndi m'khitchini, siling'i m'zipinda ziwiri, mabagala bazi m'mawindo onse, n'kupenta yapamwamba yotsukika. Nyumba inasintha, aliyense wodutsa ankayamikira. A landilodi atabwera kudzatenga lendi anazungulira chipinda ndi chipinda, manja kumbuyo, akugwedeza mutu kuyamikira. Mwezi wotsatira kalata inafika: lendi yakwera, chifukwa nyumba ya matayilosi ndi siling'i m'dera muno siipezeka pa mtengo wakale uja. Tangoganiza, munthu kumukwezera lendi ndi thukuta lake lomwe!

Ataganiza zosamuka anafuna kuzula mabagala bazi aja, ndipo mkangano unakafika kwa a mfumu a m'dera. Kumeneko anauzidwa zomwe ambirife sitidziwa, kuti chinthu ukachimatiza ku nyumba chimakhala mbali ya nyumbayo, pokhapokha ngati munagwirizana mwina poyamba. Si nkhanza za a mfumu ayi. Malamulo athu a malo ndi nyumba ambiri tinatengera kwa Angelezi komweko, ndipo mfundo imeneyi ilimo. Anafunsidwa ngati ali ndi pepala la mgwirizano. Analibe. Anangotenga makatani ndi mababu.

Ndipo zipangizo zomangira sizilinso zotchipa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la simenti kapena ndowa ya penti munthu umayamba waima kaye pakhomo pa sitolo, kuwerengera. Ndalama yoteroyo kuithira pa khoma la munthu wina, ine ndinakana. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Ndiye ine ndimagula zimene ndingakweze pa lole. Pansi ndinayala kapeti ya pulasitiki yopinda. Mashelefu anga ndi oima paokha, kalipentala wa pamsika wa Nsungwi anandikhomera. Sola ndinaikhazika mosamatiza, batire lili m'nyumba, madzi ndimasunga m'migolo. Maluwa ali m'zidebe, ngakhale kamtengo ka ndimu kali m'ndowa, chifukwa mtengo wodzala pansi udzadyedwa ndi wobwera m'mbuyo mwako. Zina ndinangozisiya. Mita ya magetsi tikugawana mabanja atatu, kukangana za mayunitsi sikutha, koma mita imalembedwa m'dzina la mwini nyumba, ndiye popanda iye palibe chomwe ndingachite.

Pamene sindinyengerera ndi pa denga lodontha ndi loko wa pakhomo. Zimenezo ndi ntchito ya a landilodi, koma ukati uwadikire mvula idzatha matiresi ataola. Ndimawaimbira, tigwirizane mtengo ntchito isanayambe, tilembe papepala kuti ndalamayo idzachotsedwa pa lendi, tonse tisayine. Malisiti ndimasunga m'envulopu imodzi ndi pepalalo. Poyamba anakhumudwa, ati ndikuwaona ngati wakuba, koma pano anazolowera, amabwera ndi bolopeni yawo.

Za chipinda cha anawo, ngati akanitsitsa, gula makatani owala ndi zofunda za mitundumitundu, zithunzi uzimate ndi timapepala tomata tija tochoka osasiya chipsera. Ndili ndi zitenje ziwiri zabwino ndinagula mumsika wa Lilongwe, ndidzapatsira aliyense amene akubwera kumeneko, ukazipachike pa ndodo ya katani. Undiuze ngati ukudziwa wina wonyamuka posachedwa.

Upereke moni kwa bambo a kunyumba ndi ana. Amayi ako ndinawaona ku tchalitchi, ali bwino, akungodandaula mwendo uja.

Ndine mnzako,
Nachisale