Kapepala ka m'katoni kandisowetsa tulo

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wapabanja, mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Mulanje. Ndimaphunzitsa Chichewa ndi Life Skills, komanso ndimayang'anira kalabu ya mtsutso. Ndakulemberani chifukwa nkhani imene ndinaiyambitsa ndekha ngati phunziro yasanduka mlandu, ndipo mlanduwo wagwera m'manja mwanga.

Kalabu yathu imakumana Lachitatu ana akaweruka. Kale tinkangobwereza mitu yakalekale ija, yoti moyo wa kumudzi umaposa wa m'tauni, kapena yoti mphunzitsi ndi wofunika kuposa dokotala. Ana ankaloweza mfundo ngati ndakatulo, tikaomba m'manja basi aliyense ulendo kwawo. Chaka chatha ndinatopa nazo. Ndinayamba kuwabweretsera nkhani zoti ukayang'ana uku upeza chilungamo, ukayang'ana uko upezanso chilungamo, koma zonse ziwiri sungazinyamule.

Tinayamba ndi mayeso a MSCE a 2020, aja mafunso ake anabedwa n'kumayenda pa WhatsApp mpaka boma linawathetsa mu Novembala, ana onse n'kulembanso mu Januwale 2021, olakwa ndi osalakwa omwe. Ndinawafunsa kuti mnzako wapamtima akakutumizira likasa usiku iwe usanapemphe, m'mawa ungatani? Tsiku lina tinakambirana za mchemwali wa zaka 16 amene makolo akumukwatiwitsa, chikhalirecho malamulo a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanafike zaka 18. Ukaimba 116 kapena kukanena kwa amayi a Mother Group, bambo ako akhoza kumangidwa, ndipo nsima ya pakhomo amaipeza ndi iwowo. Koma tsiku limene sindidzaliiwala ndi la namondwe wa Freddy. Ana athuwa za mu Malichi 2023 sanazimve pa wailesi, anaziona ndi maso, ena anagona m'makalasi momwemo. Funso linali lakuti: munthu amene nyumba yake yagwa koma dzina lake silinalembedwe pa mndandanda wa olandira chimanga, akatenga thumba limodzi usiku, ndi wakuba? Tinatuluka dzuwa litalowa, ndipo ana amene m'kalasi satsegula pakamwa tsiku limenelo anayankhula mpaka mawu kusasa.

Nditaona kuti zawagwira mtima, ndinaika katoni ya choko pakona kuti aliyense aziponyamo funso lake. Apa mumvetse, Azakhali, pakuti m'pamene pagona vuto langa. Ndinawalonjeza zinthu zitatu pamaso pa onse: musalembe dzina, sindidzafufuza amene walemba, ndipo zokambidwa muno zizithera muno.

Masabata atatu apitawo ndinatola kapepala kong'ambidwa pa kope la masamu. Kanalembedwa chonchi: "Mnyamata wina amalandira basale ya ana amasiye koma bambo ake ali moyo, ali ku Joni. Mtsikana amene makolo ake onse anamwaliradi sanapeze malo ndipo wasiya sukulu. Iwe onsewa ndi anthu ako. Unene kapena ukhale chete?" Ine ndinasangalala, ndinati funso lokoma bwanji, n'kuliwerenga mokweza.

Mtsutso unayamba bwino. Ena ankati bodza ndi bodza basi, amene wadya za amasiye wadya temberero. Ena ankati kunena n'kuphera mnzako tsogolo, ndipo mtsikana uja sabwerera m'kalasi chifukwa choti mnzake wachotsedwa. Kenaka anaimirira mnyamata wina wa Fomu 4, wofatsa, amene pa masamu palibe womugwira pasukulu pathu. Anati, "Madamu, bambo amene kwa zaka zisanu ndi zitatu sanakugulirepo ngakhale pensulo, wamoyo ndi wakufa akusiyana pati? Wakufayo bola, anthu amakumvera chisoni." Pa kapepala paja panalibe zaka zisanu ndi zitatu. Mawu ake ankanjenjemera, ndipo atakhala pansi m'kalasi monse munati zii. Ndinayang'ananso kapepala kaja m'manja mwanga, mtima unagunda. Zilembozo ndazichonga m'zimangirizo kuyambira Fomu 1. Sindinafufuze, monga ndinalonjezera, koma maso sangaiwale zimene akhala akuwerenga zaka zinayi. Wolembayo ndi mtsikana wa m'kalasi lomwelo, msuweni wake wa mnyamatayo, amenenso ankakhala desiki imodzi ndi mtsikana wosiya sukulu uja.

Chimene anawa mwina sakudziwa n'chakuti ine ndili m'komiti yosankha olandira basaleyo. Thandizoli limachokera ku gulu lina lachifundo, malo ake ndi owerengeka, ndipo eni ake ananena momveka kuti ndi la ana amasiye. Limagula yunifolomu, nsapato, makope, limalipiranso kachipinda kwa ana ochokera kutali amene amakhala paselufu. Fomu ya mnyamatayu ndinaiwerenga ndine. Inabwera ndi kalata ya amfumu, ya chidindo, yonena kuti bambo ake anamwalira. Ndinakweza dzanja kumuvomereza. Dzina lotsatira pa mndandanda, limene linatsala kunja, linali la mtsikana uja. Iye anayesetsa temu imodzi akuyenda mtunda wautali kuchokera kwa agogo ake, kenaka anangozimiririka. Masiku ano amagulitsa nanazi m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza. Ndikadutsa pa minibasi ndimayang'ana kumbali.

Sindinafunse mwana aliyense, koma kumudzi nkhani siisowa mwini. Amayi ena a kutchalitchi kwathu, tikucheza zina, anandiuza okha kuti bambowo anapita ku South Africa mnyamatayo ali Sitandade 4. Chaka choyamba anatumiza mabulangete ndi foni, kenaka zii. Akuti anakwatira ku Durban, ndipo anthu amawaona pa Facebook atavala bwino. Mayi ake a mnyamatayu amathyola tiyi nyengo yake ikafika, nthawi zina maganyu, ndipo ali ndi ana ena atatu. Ndikukhulupirira kuti amfumu analemba kalata ija chifukwa cha chisoni, osati chifukwa cha kangachepe, ngakhale zimenezo sindingalumbirire.

Ndikudziwa kuti ndondomeko ya boma ya 2003 yokhudza ana amasiye imati wamasiye ndi mwana wosafika zaka 18 amene kholo lake limodzi kapena onse anamwalira. Kuthawidwa si imfa. Koma ndondomeko yomweyo imatchulanso ana ena ovutika, ndipo mnyamatayu m'gulu limenelo akulowa popanda kukankha. Akanapempha thandizo ngati mwana wothawidwa ndi bambo ake, palibe akanamunena. Kungoti khomo limene linali lotsegula linali la amasiye, ndiye akuluakulu anamuveka umasiye kuti alowe. Iye panthawiyo anali kamwana ka Fomu 1. Kodi bodzalo ndi lake? Komabe lero ndi wamkulu, akudziwa, ndipo nsapato zimene wavala akudziwa kuti zikanakhala kuphazi kwa wina.

Ndiye taonani pamene ndaima. Ndikakanena kwa ahedi, mnyamatayu amuchotsa pa basale kutangotsala miyezi yochepa kuti alembe mayeso a MANEB, ndipo kachipinda kake kathera pomwepo. Mayi ake achita manyazi mudzi wonse, amfumu aitanidwa, ndipo ife aphunzitsi obwera timadziwa kuti kukangana ndi bwalo la mfumu si masewera. Eni thandizo akamva kuti mndandanda wathu uli ndi bodza, akhoza kutseka zonse, ana ena osalakwa n'kuvutika nawo, monga momwe anavutikira a 2020 aja. Choopsa kwambiri, aliyense amene anali m'kalasi tsiku lija adziwa kuti nkhani yatulukira m'katoni, ndipo sipatenga sabata asanadziwe wolemba. Mtsikanayo amadya mbale imodzi ndi banja la msuweni wakeyo. Ndidzakhala nditamuponya pamoto mwana amene anakhulupirira mawu anga. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate uwu muli ana ambiri.

Koma ndikakhala chete, ndiye kuti bodza lija ndalilandira kukhala langa. Poyamba ndinavomereza ndisakudziwa, tsopano ndikudziwa. Ndipo mtsikana wa nanazi uja ndani amuyankhulire? Alibe bambo ku Joni, alibe mayi wothyola tiyi, alibe amene angamupitire kwa amfumu. Iye yekha ndi amene ananena zoona pa fomu, ndipo iye yekha ndi amene ali pamsewu.

Amuna anga akuti ndizisiye. Akuti ine si wapolisi, kalata ya chidindo ndinaiona, zina zonse ndi mphekesera za kutchalitchi. Akutinso ngati zikundiwawa, ndimulipirire ndekha mtsikanayo. Ndawerengetsa malipiro anga kangapo, ndi ana athu awiri komanso mayi anga odwala shuga, sizikukwana. Ndingathe makope ndi sopo, koma chipinda ayi. Ndipo kunena zoona, ndikuona ngati kumeneko kungakhale kugula tulo tanga, osati kukonza chimene chinalakwika.

Pali china chimene chikundichititsa manyazi kuposa zonse. Tsiku la mtsutso lija, ana akutuluka, mtsikana wolemba kapepala uja anatsalira ngati akumanga chikwama. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga inuyo Madamu, mukanatani?" Ine ndinaseka, ndinati ntchito yanga ndi kufunsa, kuyankha ndi kwanu. Anangoti "chabwino" n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo sanabwerenso ku kalabu. Mpaka pano sindikudziwa ngati analemba kapepalako kuti angopepukidwa mumtima, kapena ankadziwa bwinobwino kuti ndizindikira zilembo zake ndipo ankafuna munthu wamkulu amulandire katunduyo. Ngati ndi choncho, ndiye kuti anagogoda ine n'kumutsekera chitseko.

Ahedi anandichenjezapo kale kuti mitu yangayi ikuphunzitsa ana kukayikira akuluakulu. Ndinawatsutsa mwaulemu, ndinati ikuwaphunzitsa kuganiza. Lero ndikudzifunsa ngati kunali koyenera kulonjeza chinsinsi chimene sindinaganizire kuti chingadzalemere chonchi. Kapepalako kakanakhala konena za mwana amene akugwiriridwa, sindikanakulemberani n'komwe, ndikanathamanga tsiku lomwelo, lonjezo kapena ayi. Koma apa palibe amene akumenyedwa, pali ana atatu okha amene aliyense ali ndi mbali yake yoona.

Azakhali, ndithandizeni. Kodi ndiyambe ndamuitana mtsikana wolembayo n'kumuuza kuti ndinazindikira zilembo zake, kapena kutero kumene n'kuswa lonjezo? Kodi ndi bwino ndikakhale pansi ndi mnyamatayo ndi mayi ake kuti akaulule okha kwa eni thandizo, mwina angawamvere chisoni, kapena ndidikire alembe kaye mayeso? Nanga kudikirako si kumubera mtsikana wina uja chaka chinanso? Kodi ndingapemphe komiti kuti ilembere eni thandizo awonjezere malo a ana othawidwa ndi makolo popanda kutchula dzina la munthu, kapena kumeneko ndi kuzemba chabe?

Komiti ikumana pakatha masabata awiri kuti titsimikize mndandanda wa temu ino tisanautumize. Pansi pa pepalalo pali mzere wonena kuti zonse zolembedwa pamwambapa ndi zoona, ndipo pafunika siginecha yanga. Chonde ndiyankheni tsikulo lisanafike.

Ine wanu,
Mphunzitsi wothedwa nzeru,
Mulanje