Kwa Tadala, za phiri la Mulanje ndi mtsinje wa m'malire

Wokondedwa mdzukulu wanga Tadala,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amayi ako ndi abambo ako. Ife kuno tadzuka bwino. Amayi ako andiuza kuti kusukulu mwaphunzira za mapiri, ndipo iwe sukuwapatsa mpata wopuma ndi mafunso awiri: anaika phiri la Mulanje pamenepo ndani, nanga bwanji kuseri kwake kuli dziko lina? Wachita bwino kufunsa. Mawu akakuvuta amayi ako akuthandiza kuwerenga.

Phirili linabadwira pansi pa nthaka. Akatswiri a miyala amati zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, padziko pano palibe munthu ndi mmodzi yemwe, miyala ya pansi penipeni inatentha mpaka kusungunuka. Chiphalaphala chimenecho chinayamba kukwera, koma sichinaboole nthaka n'kutulukira kunja ayi. Chinaima panjira, n'kumazizira pang'onopang'ono mumdima momwemo mpaka chinauma gwa! Pamwamba pake panali miyala ina yofewerapo. Mvula inagwa, mitsinje inakokolola, dzuwa linang'amba, chaka ndi chaka, mpaka miyala yofewayo inatha, wolimba uja n'kutsala poyera. Unaonapo mvula yamphamvu itakokolola mzere kumunda, mbatata imene inali yobisika n'kuonekera? Ndi mmene Mulanje anaonekera. N'chifukwa chake phirili limangodzuka lokha pakati pa chigwa, popanda timapiri tolikonzera njira.

Ukadzabwera udzatole kamwala ka m'mphepete mwa mtsinje wa Likhubula, udzakanyowetse, n'kukayang'anitsitsa padzuwa. Udzaona kuti si kamtundu umodzi. Muli timibulu totuwa, tina toyera, tina takuda tonyezimira, tonse tolumana zolimba. Timibulu totere timakula pokhapokha mwala wosungunuka ukamazizira mosafulumira. Ndiye kamwala kako kadzakhala mboni ya zimene ndakuuzazi. Phiri la Zomba nalonso linapangika mwanjira yomweyi.

Nsonga yaitali kuposa zonse ndi Sapitwa, mamita 3,002 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere. M'Malawi muno mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo. Palinso Chambe, chikhoma cha mwala chimene chinangoti njo! mamita pafupifupi 1,700, moti anthu amachokera maiko akutali ndi zingwe kudzachikwera. Koma usaganize kuti pamwamba ponse ndi posongoka. Ukamaliza chitunda umapeza madambo a udzu, timitsinje tozizira kwambiri, ndi tinyumba ta matabwa mogona alendo.

Phiri lalitali chonchi limagwira mitambo. Mphepo yachinyezi imachoka ku nyanja ya Indian, n'kudutsa m'dziko la Mozambique, ikafika pa Mulanje imasowa podzera koma kukwera. Kumwambako imazizidwa, ndiye imagwetsa mvula. Kamvula kowaza ka m'nyengo yozizira kaja timakatcha chiperoni, kamene kamabwera ndi nkhungu mu June ndi July, kamachokeranso komweko. Madzi onsewa amatsika m'mitsinje ya Likhubula, Lichenya, Thuchila, Phalombe, Muloza ndi Ruo. Ndi amene amabiriwitsa minda ya tiyi imene inayamba kulimidwa kuno m'zaka za m'ma 1890, ndipo ena amayenda m'mipope mpaka kukamwedwa ndi anthu a mumzinda wa Blantyre.

Tsopano funso lako lachiwiri, limene ndalikonda kwambiri. Kale kunalibe Malawi, kunalibe Mozambique. Kunali midzi ndi mafumu ake. Amang'anja ankalima m'tsinde mwa phirili, kenaka kunabwera Ayao, ndipo pambuyo pake Alomwe ambiri anafika kuchokera kum'mawa. Munthu ankawoloka Ruo kukaona azakhali ake popanda womufunsa kalata. Ndiye azungu a mitundu iwiri, Angerezi ndi Apwitikizi, anayamba kulimbirana dera lino. M'chaka cha 1891 anasainirana pangano kwawo ku Ulaya, nagwirizana kuti malire atsate mtsinje wa Muloza, alowe mu Ruo, atsike nawo mpaka pamene Ruo amathira mu Shire ku Chiromo. Tsidya lino likhale la Angerezi, tsidya ilo la Apwitikizi. Eni midzi sanafunsidwe, Tadala, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero, chifukwa panali mabanja amene anagawidwa pakati ndi madzi omwe ankamwa ndi kusamba tsiku lililonse.

Lero ukafika pachipata cha Muloza, tauni ya kutsidya ndi Milange. Udzaona njinga zakapalasa zitasenza matumba a chimanga, mwini wake akukankha thukuta lili kamukamu, amayi atasenza madengu a nthochi ndi zinanazi. Kuno timagula ndi kwacha, uko amagula ndi metical. Mwana wa msinkhu wako wa ku Milange amaphunzira Chipwitikizi kusukulu pamene iwe ukulimbana ndi Chingerezi, koma mutakumana pamsika mungamvane bwinobwino, chifukwa ambiri kumeneko amalankhula chinenero chathu chomwechi, ena Chilomwe. Usadzamutche mlendo mwana ameneyo. Mwina agogo a agogo ake ndi ako ankadyera mbale imodzi.

Pali nkhani ina yomvetsa chisoni imene sindikufuna kukubisira. Chakumpoto, pakati pa phiri lalikululi ndi phiri la Michesi, pali mpata. Pampata umenewo ankadutsitsapo anthu ogwidwa ukapolo, ana omwe, atamangidwa, kupita nawo kugombe la nyanja ku Quelimane kukagulitsidwa. M'chaka cha 1893 panamangidwa linga la asilikali lotchedwa Fort Lister kuti njirayo itsekedwe. Mabwinja ake alipobe.

Akuluakulu akuno amalilemekeza phirili. Amati kuli mizimu ya makolo, ndipo munthu sakwera Sapitwa mwachipongwe kapena akuchita phokoso. Amanenanso za Napolo, chinjoka chimene chikamasamuka m'phiri chimagumula nthaka. Asayansi amati mvula ikachuluka dothi la pamwala limakhuta madzi n'kutsetsereka pamodzi ndi miyala. Zinachitika ku Phalombe mu March 1991, pamene madzi ndi miyala zochokera ku Michesi zinapha anthu mazanamazana, ndipo zinachitikanso mu 2023 ndi namondwe Freddy. Pamene pali mitengo, mizu imathandiza kugwira dothi.

Mtengo umene ndikufunitsitsa kuti udzauone ndi mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu. Mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma paphiri pano. Thabwa lake ndi lofiirira, limanunkhira mokoma zaka zambirimbiri, ndipo chiswe sichiliyandikira. Ubwino wakewo ndi umene unauputira tsoka. Ngakhale boma linateteza nkhalangoyi kuyambira 1927, anthu anapitiriza kucheka mozemba, moto wolusa n'kumapsereza timbande. Pamene akatswiri anawerenga mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Anthu a m'midzi yozungulira akhala akufesa mbande zambirimbiri n'kumazisenza pamutu kukabzala pamwamba, koma mkungudza sukula msanga. Imene ikubzalidwa panoyi adzakhale pamthunzi wake ndi iwe, utamera imvi. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo amtengo wapatali a dziko lonse lapansi, ndipo ndikupemphera kuti zimenezi zithandize kuletsa macheka ndi moto.

Ndikupatse ntchito. Tenga pepala ujambule phirili, uikepo Sapitwa ndi Chambe, kenaka ujambule Muloza ndi Ruo mpaka ku Shire. Mbali zonse ziwiri za mtsinjewo ujambuleko nyumba ndi ana. Ukamaliza uwapatse amayi ako anditumizire pafoni. Patchuthi mukamabwera usadzaiwale juzi ndi nsapato zolimba, chifukwa tidzayenda wapansi mpaka pa Dziwe la Nkhalamba, ndipo miyala ya pamenepo ndi yoterera.

Upereke moni kwa onse kunyumba.

Ndine agogo ako okukonda.